Za Cakudya ca ku Peru ndi Cipongwe ca pa Mseu

Makolo athu anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, ndipo cimene umcitira pa masiku ace owerengekawo ndico adzanyamula popita kwao. Nkhani imene ndifuna kuika pamaso panu, owerenga, ndi ya dziko lakutali, koma mlandu wace ngwoyenera kukambidwa pa bwalo liri lonse. Anyamata ndi atsikana a maiko ena amapita ku Peru caka ndi caka, ena kukaphunzira Cisipanishi, ena kukathandiza m'masukulu ndi m'zipatala, ena kukaona mabwinja a Machu Picchu. Pobwerako, atsikana ambiri mwa iwo amasimba zinthu ziwiri pamodzi: kuti sanadyepo cakudya cokoma monga ca kumeneko, ndi kuti poyenda m'miseu amuna osawadziwa anawaimbira mluzu, nawaponyera mau onyansa, ena kufikira kuwakhudza. Pali anthu amene amati mtsikana wotere asimbe coyambaco, koma caciwirico acimeze. Ine nditsutsana nao anthu amenewa, ndipo ndipereka zifukwa zanga.

Poyamba tidziwe dzikolo. Peru ali ku South America, m'mbali mwa nyanja yaikuru ya Pacific, ndipo agawika patatu. Kugombe kuli cipululu kumene mvula siigwa kawiri kawiri. Pakati pali mapiri a Andes. Kum'mawa kuli nkhalango za mtsinje wa Amazon. Mzinda waukuru ndiwo Lima, umene Francisco Pizarro anaukhazika m'caka ca 1535, ndipo lero mukhala anthu ngati 10 miliyoni. Cusco, mzinda wa mafumu akale a Inca, uli pa mamita 3,400 pamwamba pa nyanja, ndiko kunena kuti anthu a kumeneko amagona ndi kuphika pamalo okwera koposa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje. Dziko lokhala ndi nyanja yozizira yodzala nsomba, mapiri a cisanu ndi nkhalango zotentha silingasowe zakudya za mitundu mitundu.

Mlendo akafika ku Lima, eni nyumba sacedwa kumuikira ceviche. Atenga nsomba ya m'nyanja yogwidwa tsiku lomwelo, naidula nthuli zazing'ono, nathirapo mcere, anyezi wofiira ndi tsabola, nafinyirapo madzi a mandimu. Pamoto siipita iai. Kuwawasa kwa mandimu ndiko kumalimbitsa mnofu ndi kuuyeretsa, kotero kuti uoneka ngati wophika. Pambali aikapo mbatata yotsekemera ndi cimanga ca maso akuru akuru. Mwa cizolowezi cao amadya ceviche masana, pakuti kale, mafiriji asanafike, nsomba ya m'mawa siikadafika madzulo iri bwino. M'December 2023, pa msonkhano wocitikira ku Kasane m'dziko la Botswana, bungwe la UNESCO linalemba kakonzedwe ka ceviche m'buku la miyambo ya mtengo wapatali ya anthu a pa dziko lapansi, buku lomwelo m'mene nsima ya ku Malawi inalembedwa m'2017.

Akakwera kumapiri apeza mbatata imene ife timaicha ya kacewere, imene alimi a ku Dedza ndi ku Ntcheu amalima. Kwao kweni kweni kwa mbatatayi ndi kumeneko, ku mapiri a pafupi ndi nyanja ya Titicaca, kumene anthu anayamba kuilima zaka zoposa 7,000 zapitazo. Ife tidziwa mitundu yowerengeka ndi zala, koma ku Peru ilipo mitundu yoposa 3,000, yoyera, yacikasu, yofiirira ndi yakuda. Ndipo kuyambira 1971 ku Lima kuli nyumba ya akatswiri, International Potato Center, yosunga mbeu zace. Anthu a kumapiri amayala mbatata panja usiku kuti cisanu ciigwire, masana naiponda ndi mapazi kucotsa madzi, dzuwa nkuiumitsa. Ikauma amaicha chuño, ndipo ikhala m'nkhokwe zaka osaola. Pa masiku a cikondwerero amakumba dzenje, naikamo miyala yotentha, nyama, mbatata ndi nyemba, nakwirira ndi masamba ndi dothi. Cakudya cimeneci ndi pachamanca. Amaweta mbira m'nyumba zophikira, dzina lace cuy, ndipo kumuochera mlendo mbira ndi ulemu waukuru. M'nyumba yaikuru ya mapemphero ku Cusco muli cithunzi ca Mgonero wa Ambuye cimene anajambula Marcos Zapata m'zaka za m'ma 1750, ndipo pa mbale ya pakati pali kanyama kamene anthu ambiri amati ndi mbira yomweyo.

Tsono pali cinthu cimodzi cimene ndifuna kuti mucisunge, pakuti ndidzabwererako. Zambiri mwa zakudya zimene anthu a ku Peru anyadira lero zinadza ndi alendo. Mandimu, anyezi, mpunga ndi ng'ombe zinafika ndi anthu a ku Spain atagonjetsa ufumu wa Inca m'zaka za m'ma 1530. Akapolo ocokera ku Africa, amene ambuye ao anali kuwasiyira zam'kati za ng'ombe, anadula mtima nthuli, nazikometsa ndi tsabola ndi vinyo wosasa, naziocha pa makala zitatungidwa pa timitengo. Ndizo anticuchos zimene amai amagulitsa m'mbali mwa miseu madzulo. Ukapolo unatha m'1854 pa ulamuliro wa Ramón Castilla. Pakati pa 1849 ndi 1874 Acaina pafupi 100,000 anatengedwa kudzagwira nchito yowawa m'minda ya nzimbe ndi m'zisumbu za manyowa a mbalame. Iwo ndi ana ao anatsegula nyumba zodyera zochedwa chifa, ndipo kukazinga kwao pa moto waukali ndiko kunabala lomo saltado, nyama ya ng'ombe yokazinga pamodzi ndi anyezi ndi tomato, yodyera mbatata ndi mpunga. Ajapani oyamba 790 anafika m'1899, ndipo luso lao lodula nsomba linasintha ceviche yomwe. Potero mphika wa ku Peru unaphunzira kwa kapolo, kwa wanchito wa thangata ndi kwa mlendo ali yense, kufikira m'2023 nyumba yodyera ya Central ku Lima inachulidwa yoposa zonse pa dziko lapansi, ndipo m'2025 inachulidwa ina ya mumzinda momwemo, dzina lace Maido.

Ulemu wa pa cakudya suli wa olemera okha. Mtsikana mlendo wokhala pa banja la anthu wamba aona mai wa nyumba alikumuonjezera m'mbale asanathe coyamba, namdandaula kuti waonda. Masana akalowa m'kanyumba kodyera ka pa msika apeza cimene amati menú: msuzi, mbale ya mpunga ndi nyama kapena nsomba, ndi cakumwa, zonse pa mtengo umene wanchito wamba akhoza kulipira. Cakumwaco kawiri kawiri ndi chicha morada, madzi ozizira a cimanga cofiirira cophikidwa ndi cinanazi ndi zonunkhira, osaledzeretsa. Awemba ali ndi mwambi wakuti mwana wosayenda atama amace kuphika, ndipo mtsikana ameneyu aubvomereza mwambiwo sabata isanathe. Kufikira apa palibe mlandu. Mlandu uyamba pamene iye asamba m'manja, natsazika, naturuka pa khomo.

Pa mseu akumana ndi amuna ena. Wina aimba mluzu monga aitana garu. Wina apsompsona mphepo ndi milomo. Woyendetsa galimoto aliza hutala nacepetsa liwiro, nayenda pambali pace. Omanga nyumba apfuula ali pa denga, kuchula ziwalo za thupi lace zimene munthu wolongosoka sachula pa anthu. Amuitana mamacita, ndipo ngati ali woyera khungu amuitana gringa. M'basi yodzala, m'mene anthu apanikizana, wina adzikhuza kwa iye dala, ndipo iye akaceuka munthuyo ayang'ana pa zenera monga sadziwa kanthu. Zimenezi sizicitika kamodzi. Zimcitikira popita ku sukulu ndi pobwera, m'mawa ndi madzulo, kufikira iye aphunzira kuyenda maso ali pansi, kuoloka mseu akaona gulu la amuna patsogolo, ndi kuika zomvera nyimbo m'makutu cinkana mulibe nyimbo.

Pali cina cimene cilemetsa katundu wa mlendo. Mwana wa dziko adziwa miseu yoyenera kuipewa, adziwa mau oyankhira, ndipo ali ndi abale oti awaitane. Mlendo alibe zonsezi. Mau ena sawamva tanthauzo, angomva kuseka kotsatapo. Ndipo pamene Cisipanishi cace cikula, ciyamba kumtsegulira mau amene akadakonda kusawadziwa. Amuna ena amayesa kuti mkazi woyenda yekha kutali ndi kwao alibe mwambo, ndi kuti palibe amene adzamfunsira mlandu. Pa ici aonetsa poyera kuti cimene cinali kuwaletsa ciyambire ndi mantha a cilango basi.

Wina asaganize kuti awa ndi madandaulo a alendo onyada. M'caka ca 2014 bungwe la Thomson Reuters Foundation linafunsa akazi ndi akatswiri m'mizinda yaikuru 16 za kuopsa kwa mabasi ndi masitima kwa akazi; Lima inakhala yacitatu pa kuipa, pambuyo pa Bogotá ndi Mexico City. Caka comweco Magaly Solier, mkazi wa ku Ayacucho wochuka pa masewero a kanema, amene filimu yace inalandira mphotho yaikuru ku Berlin m'2009, anacitidwa conyansa ndi mwamuna wina m'basi ya Metropolitano ku Lima, pakati pa anthu. Iye sanakhale cete. Anakasuma mlandu, nanena poyera pamaso pa dziko lonse. Ngati mwana wa dziko wodziwika comweco acitidwa zotere, nanga wophunzira wa zaka 14 wopanda womdziwa, kapena mlendo wosamva cinenero, adzapulumuka bwanji?

Tsopano timve oteteza khalidweli. Oyamba amati: Uku ndi kuyamika cabe. M'Cisipanishi muli liu lakuti piropo, ndiwo mau okoma amene mwamuna anena kwa mkazi, ndipo iwo amati mkazi ayenera kukondwa kuti amuna amuona. Ndiwafunsa: ciyamiko cimeneci bwanji cimatha pamene mtsikanayo ayenda ndi atate wace kapena ndi mwamuna wace? Kukongola kwace kwacepa kodi? Iai, koma wopfuulayo adziwa kuti pali wina angamfunse. Ndiye kuti iye mwini adziwa kuti mau acewo ndi cipongwe, ndipo ulemu umene amana mkazi aupereka kwa mwamuna mnzace. Ndiponso woyamika moona sakwiya pamene sayankhidwa. Koma akazi ambiri acitira umboni kuti akanyalanyaza mluzu, mau okoma aja asanduka kutukwana nthawi yomweyo. Mphatso imene mwini wace akutukwanira ukaikana, tidzaichabe mphatso kodi? Mwamuna wa pa mseuyo afuna kuti anzace amuone kuti akhoza kudumphitsa mtima wa munthu wodutsa, ndipo mtsikanayo ndiye alipira mtengo wa kudzionetsa kwaceko.

Aciwiri amati: Ndi mwambo wa dzikolo, ndipo mlendo asaweruze mwambo wa eni ace. Apa ndipo ndibwerera ku mphika uja. Anthu amene analandira mandimu kwa Msipanishi, kanyenya kwa kapolo wa ku Africa, ciwaya kwa Mcaina ndi mpeni kwa Mjapani, sanganene kuti miyambo yao ndi mwala wosasunthika. Anasankha zabwino, nasiya zina. Ngati mwambo wa m'khicini usintha kuti cakudya cikome, cifukwa ninji mwambo wa pa mseu usasinthe kuti ana akazi ayende mwamtendere? Ndiponso tifunse kuti mwambowo ngwa yani. Theka la anthu a ku Peru ndi akazi, ndipo iwo sanaupemphe. Amene autsutsa kolimba ndi akazi a ku Peru eni ace. Mphunzitsi wa pa yunivesite Elizabeth Vallejo ndi anzace anayambitsa gulu lochedwa Paremos el Acoso Callejero, ndiko kunena kuti, Tiletse cipongwe ca pa mseu, nasonkhanitsa maumboni a akazi kuti anthu onse awerenge. Cinthu cimene amuna ena acikonda ndipo akazi acilira, kucicha mwambo wa mtundu wonse ndi kunama.

Acitatu amati: Mlandu ngwa mtsikana, akadabvala bwino sakadamcita kanthu. Yankho limeneli ndi lakale, ndipo limveka m'maiko onse. Koma akazi ambiri a ku Lima amasimba kuti anayamba kuimbiridwa mluzu akali ana, atabvala yunifolomu ya sukulu. Kuyambira June kufikira September Lima ikhala ya nkhungu ndi yozizira, anthu nabvala majekete okhuthala, koma mluzu suleka. Kuno kwathu tinaona kumene ganizo limeneli lifikitsa anthu. M'January 2012 ogulitsa malonda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anabvula akazi pa mseu cifukwa anabvala buluku kapena siketi yaifupi, nanena kuti alikuteteza ulemu. Taonani nzeru yace: kuteteza ulemu wa mkazi pomsiya wamarisece pa msika! Akazi anasonkhana ku Blantyre kudzatsutsa, ndipo Joyce Banda, amene pa nthawiyo anali waciwiri kwa pulezidenti, anali pakati pao. Za kabvalidwe makolo akhoza kulangiza ana ao kunyumba, ndipo anthu akhoza kusiyana maganizo. Koma nsaru ya mkazi, italike kapena ifupike, siipatsa mwamuna wodutsa ufumu pa thupi lace. Mbuzi ikalowa m'munda wa wina, mwini mbuzi sapita pa bwalo kukanena kuti mlandu ngwa cimanga cifukwa cinabiriwira.

Acinai ndiwo amene ndinayamba nao, ndipo mau ao ali ndi mphamvu koposa enawo, pakuti akhudza cinthu cimene ifenso ticilemekeza. Iwo amati: Wadya cakudya cao, wagona m'nyumba yao, kuturuka ndi kukanena zoipa za dzikolo ndi kusayamika. Indedi, kusayamika nkoipa. Koma taganizani bwino: ndani anaphika, ndipo ndani anaimba mluzu? Anaphika ndi mai wa nyumba uja, ndi mai wa pa msika, ndi mai woocha anticuchos pa ngodya ya mseu. Ndipo amai omwewa, ndi ana ao akazi, ndiwo amamva mau onyansawo tsiku ndi tsiku moyo wao wonse. Mlendo akakhala cete, amene apindula ndi uja abvuta womdyetsayo. Ndiponso cakudya cimene cipatsidwa kuti citseke pakamwa pa munthu cichedwa ciphuphu, ndipo sindikhulupira kuti mai wa ku Lima kapena wa ku Cusco aika mbale pa gome ndi mtima wotere. Kucereza mlendo kumene makolo athu anatiphunzitsa kunali ndi kumperekeza: mlendo akadya, mwini nyumba anali kumturutsa kufikira pa mphambano, kuti aone kuti wacoka bwino. Iwo anadziwa kuti njira nayonso ndi gawo la mudzi.

Ndipo tisapepuse nchito ya amai amenewa. Ku Arequipa nyumba zodyera zochedwa picantería, zimene boma linazilemba m'2014 monga cuma ca mtundu, zasungidwa ndi akazi, mai nasiyira mwana wace wamkazi. M'zaka za umphawi ndi kukwera kwa mitengo za m'ma 1980, akazi a m'midzi yosauka yozinga Lima anasonkhanitsa miphika yao, naphika pamodzi m'makhicini ochedwa comedores populares, nagawa mkaka kwa ana. Mmodzi wa atsogoleri ao, María Elena Moyano wa ku Villa El Salvador, anaphedwa ndi zigawenga za Sendero Luminoso pa 15 February 1992 cifukwa anakana kuzigonjera. Pa mliri wa Covid-19 m'2020 akazi a m'midzi yomweyo anasonkhanso moto pansi pa miphika ya onse. Dziko limene lidya m'manja mwa akazi otere, ndi kulola ana ao kutukwanidwa pa ulendo wa ku msika, liri ndi mangawa. Ndipo mlendo wokumbutsa mangawawo sacimwira mwini mphika.

Ena adzati, Koma mau sapha munthu. Tiwerenge tsono zimene mau amenewa alanda. Mtsikana amene akadayenda pansi alipira takisi, ndipo ndarama ya cakudya ithera pa njira. Amene akadapita ku sukulu ya madzulo aleka. Amene akadakhala pa benci pa bwalo la mzinda kuwerenga buku lace, abwerera kukadzitsekera m'cipinda. Mlendo amene anadza kudzaphunzira cinenero aopa kuyankha moni wa mwamuna ali yense, kotero kuti ngakhale mkuru wabwino wofuna kumlozera njira amthawa. Ndipo pansi pa zonsezi pali mantha, pakuti mkazi sadziwa ngati woimba mluzuyo adzalekera pa mluzu pomwepo. Mwa amuna khumi opfuula, kapena asanu ndi anai adzapitirira ndi ulendo wao. Koma iye ayenera kuopa onse khumi, popeza wakhumiyo alibe cizindikiro pa mphumi. Mlendo apirira miyezi itatu kapena caka, nakwera ndege kubwerera kwao, koma mwana wa dziko atsala pa mseu womwewo.

Ciyamiko cipite kwa anthu a ku Peru pa ici, kuti sanabise nthenda yao. M'March 2015 anakhazika lamulo la nambala 30314, loletsa cipongwe ca ciwerewere m'malo a anthu onse. Lamulolo lichula mau, zizindikiro zonyansa, kukhudza, kudzikhuza m'basi ndi kuonetsa umarisece, ndipo lipatsa makhonsolo a mizinda mphamvu yolipitsa ocimwa. Pa 13 August 2016 khamu lalikuru, limodzi la makamu akuru koposa amene Lima inaonapo, linayenda m'miseu ndi mfuu yakuti Ni Una Menos, kudandaula kuti mabwalo a milandu apeputsa nkhanza zocitira akazi. M'October 2017 atsikana opikisana pa Miss Perú, pamene anayenera kuchula miyeso ya matupi ao monga mwa cizolowezi, ali yense anachula ciwerengero ca akazi ophedwa, omenyedwa kapena ogwiriridwa. Ndipo m'September 2018 boma linaika cipongwe ca ciwerewere m'buku la milandu ya upandu, kuti wocimwa akhoza kulowa m'ndende. Mlendo amene asimba za mluzu wa ku Lima, tsono, sanena cinthu cimene nyumba ya malamulo ya ku Peru siinanene kale.

Koma lamulo lokha silikwanira. Wapolisi sangaime pa ngodya iri yonse, ndipo mkazi wofulumira ku nchito sangataye tsiku lonse kukasuma munthu amene sadziwa dzina lace. Cimene ciletsa mwamuna wacipongwe ndi maso a amuna anzace. Ca kumapeto kwa 2014 ku Peru kunaturuka sewero la kanema lochedwa Sílbale a tu madre, ndiko kuti, Imbira mluzu amako, lotsogozedwa ndi Natalia Málaga, katswiri wa mpira wa volleyball. M'seweromo amai abvekedwa ngati atsikana, nadutsa pamene paima ana ao amuna. Mwanayo aponya mau ace onyansa, ndipo pamene mai adziulula, iye asowa pobisala. Anthu mamiliyoni anaonera, naseka. Phunziro lace nlabwino, koma ndiona kuti liperewera. Ngati mwamuna aleka cipongwe cifukwa cokha cakuti wodutsayo angakhale mai wace, nanga mlendo wocokera kutsidya kwa nyanja, amene sangakhale mai wace kapena mlongo wace, adzamcitira ciani? Ulemu woyenera mkazi pa njira ucokera pa umunthu wace, ndipo umunthuwo mlendo ali nao wonse monga mwana wa m'mudzi.

Kwa mlendoyo nayenso ndiri ndi mau. Anene zoona zonse, asapungule ndiponso asaonjeze. Asabwerere kwao ndi kunena kuti amuna onse a ku Peru ngotere, pakuti m'basi momwemo muli abambo amene anampatsa mpando, ndipo pa banja limene anakhala pali alongo amene anamperekeza usiku. Asayesenso kuti kwao kuli bwino koposa. France inaika lamulo lolipitsa ocita cipongwe pa mseu m'2018, zaka zitatu pambuyo pa Peru, ndipo siinaliike cifukwa ca kusowa ocimwa. Mboni yabwino ichula cokoma ndi coipa pa muyeso wace, ndipo eni dziko anzeru adzaimvera, pakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Aona cimene eni ace anazolowera kufikira analeka kuciona.

Nanga ife, owerenga, nkhani ya kutali iyi itikhudza pati? Malawi nayenso ali ndi lamulo, Gender Equality Act la 2013, limene liletsa cipongwe ca ciwerewere. Koma yense amene anaimapo pa depoti ya basi, kapena pa msika wa tsiku Loweruka, kapena pamene anyamata a kabaza ayembekeza okwera, adziwa mau amene mtsikana wodutsa amamva. Ifenso timachuka ndi kucereza alendo. Timapha nkhuku, timapereka madzi osamba m'manja titagwada. Tisadzinyenge kuti nkhukuyo ifafaniza zimene mlendo wamkazi, kapena namwino watsopano wa pa cipatala, kapena mphunzitsi wamkazi wotumidwa ku mudzi wathu, amva pa njira ya ku citsime. Atate inu, mwana wanu wamwamuna aphunzira kuyang'ana akazi poona m'mene inu muwayang'anira. Aphunzitsi, mnyamata woimbira mluzu mtsikana pa bwalo la sukulu musamseke. Muitanireni pambali tsiku lomwelo. Mafumu ndi akuru a mudzi, mlandu wotere ukadza pa bwalo musayambe ndi kufunsa cimene mtsikana anabvala. Ndipo inu anyamata, mnzanu akapfuula, kuseka kwanu ndiko malipiro ace. Mukammana kusekako, adzaleka msanga koposa m'mene akadalekera poopa wapolisi.

Dziko la Peru lapatsa mitundu yonse mbatata, ndipo ophika ace alemekezedwa pa dziko lonse lapansi. Akazi ace alikumenyera cinthu cocepa pociyerekeza ndi ulemerero umenewo, ndico kuyenda kucokera pa khomo kufikira ku msika osatukwanidwa. Mtsikana mlendo amene ayamika mbale nadandaula za mseu aima pamodzi nao, ndipo sindipeza cifukwa comdzudzulira. Odzudzulidwa akhale iwo oimba mluzu, ndi ife tonse amene timamva mluzuwo ndi kuyang'ana kumbali.